Tchalitchi chikatsekedwa ku Joni: Facebook, Zoom, WhatsApp, wailesi kapena mphakati?

Lachisanu Loyera la 2020, pa 10 Epulo, ndinatsamiritsa foni pa chitini cha shuga m'kachipinda kanga ka lendi ku Turffontein, n'kugwada pa simenti. Bambo mfumu anali okha kuguwa, mabenchi onse opanda munthu, mawu awo akumveka ngati akuyankhulira mumgolo. Titafika polemekeza Mtanda chithunzi chinangoima, kenaka kunalowa uthenga woti data yatha. Ndinakhalabe chogwada kwa kanthawi, osadziwa kuti ndipitirize ndekha kapena ndidzuke. Kuseri kwa khoma ndinamva mnansi wanga, mayi a ku Thyolo, akuimba okha motsitsa nyimbo ya pa Njira ya Mtanda. Iwo analibe ngakhale data yoti iwathere panjira.

Ndine mlembi wa mphakati wa Amalawi pa parishi ina kum'mwera kwa Johannesburg, ndipo mliri wa Covid-19 unandipeza ndili ndi kabuku ka mayina m'manja. Amene munali kuno mukukumbukira mmene zinayendera. Pa 15 Malichi 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analengeza kuti dziko lili pa ngozi, naletsa misonkhano ya anthu opitirira 100. Pa 27 Malichi m'bindikiro wa masiku 21 unayamba, kenaka anauwonjezera mpaka kumapeto kwa Epulo. Ngakhale a mpingo wa Zion Christian Church (ZCC), amene chaka ndi chaka amadzaza misewu ya ku Limpopo popita ku Moria pa Pasaka, chaka chimenecho anakhala pansi. Matchalitchi analoledwa kutsegula pa 1 Juni, koma anthu 50 okha. Anatsekedwanso kumapeto kwa Disembala, n'kutsegulidwa mu Febuluwale 2021, n'kutsekedwanso kumapeto kwa Juni chaka chomwecho. Malamulo a nthawi ya ngoziwo anadzatha mu Epulo 2022. Kwathu zinali zina: khoti linaimitsa m'bindikiro mu Epulo 2020, moti abale akumudzi sankamvetsa tikamawauza kuti ife kuno sitingapite ngakhale kukaona mnzathu wa mumsewu wotsatira.

Chitseko cha tchalitchi chingatsekedwenso, kaya ndi mliri wina, kaya ndi zipolowe ngati za mu Julayi 2021, kaya ndi masiku aja amene mlendo saonetsa nkhope pamsewu. N'chifukwa chake ndikulembera inu atsogoleri a miphakati, akulu ampingo a m'milaga, amayi a Mvano ndi Chigwirizano, ndi aliyense amene adzafunsidwe kuti, "Nanga Lamulungu tipemphera bwanji?" Njira zonse zili m'munsimu tinaziyesa. Muyeso wanga ndi umodzi, ndipo ndi mayi a ku Thyolo aja. Njira iliyonse ndimaifunsa ngati ingakafike pakhomo pawo.

Misa ya pa Facebook ndi YouTube

Apa ndi pomwe aliyense anathamangira, ndipo ubwino wake sindingaukane. Tsiku lomwe m'bindikiro wathu unayamba, Papa Francis anaima yekha pabwalo la St Peter's ku Rome mvula ikugwa, ndipo ambiri tinaonera pa foni misozi ili m'maso. Kuona guwa limene umalidziwa, ndi nkhope ya wansembe amene anabatiza mwana wako, kumakhazika mtima pansi. Zida zake si zambiri: foni yabwino, choigwiriziza kuti isamagwedezeke, ndi intaneti yodalirika kunyumba ya ansembe kapena ya abusa. Ngati pali kandalama, gulani maikolofoni, kamera idikire. Tchalitchi chopanda anthu chimabweza mawu, ndipo munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma ulaliki wosamveka amangoutseka.

Vuto ndi mtengo kwa woonera. Pa 1 Epulo 2020 Vodacom inatsitsa bandulo ya 1GB ya pamwezi kuchoka pa R149 kufika pa R99, MTN nayo inatsitsa chimodzimodzi. Zinathandiza ndithu, koma ola limodzi la vidiyo limadya ma MB mazana angapo, ndiye Lamulungu anayi kuphatikizapo mapemphero a Sabata Loyera, bandulo ija yapita. R99 yomweyo inali thumba la ufa la 10 kg. Munthu amene ganyu yake yaima sangavutike kusankha pakati pa ziwirizi, ndipo palibe amene angamuweruze. Amene ankaonera mpaka kumapeto kwenikweni anali aja okhala kuseri kwa nyumba za mabwana ku Sandton kapena Randburg, komwe kuli Wi-Fi. Wa mumkhukhu ku Diepsloot kapena Zandspruit ankalowa mphindi zisanu, n'kulemba "Amen", n'kutuluka kuti data itsaleko yoyankhulira ndi ana kumudzi. Musanyengeke ndi chiwerengero cha oonera chimene chimaoneka pansi pa vidiyo. Nthawi imeneyo Facebook inkawerenga munthu ngati woonera akangokhalapo masekondi atatu.

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Misa ya pa parishi za kuno imakhala m'Chingerezi, nyimbo zina m'Chizulu kapena Chisotho. Tili m'tchalitchi sizivuta, thupi limadziwa pogwada ndi poima, ndipo pakhomo pali anzako ocheza nawo Chichewa. Uli wekha m'chipinda, chiyankhulo cha eni chimatopetsa msanga. Ambiri athu anasamukira ku Luntha TV ndi Radio Maria Malawi pa intaneti, ena ku mipingo ya kwawo ku Lilongwe kapena Zomba, makamaka poti nthawi ya ku Malawi ndi ya kuno ndi imodzi. Zimenezi zinadyetsa mitima, ndipo inenso ndinkatero. Koma wansembe wa ku Balaka sangabwere kudzakudzozani mafuta a odwala ku Rosettenville. Amene anazolowera kupempherera kwawo kokhakokha anatayana ndi parishi ya kuno, ndipo ena mpaka lero sanabwerere.

Ndipo kwa ife Akatolika pali malire amene foni singadumphe. Ukaristiya sudutsa pa intaneti, kulapanso sikuloledwa pa foni. Maepiskopi anatimasula ku lamulo lopita ku Misa ya Lamulungu, tinaphunzira pemphero lolandira Ambuye mu uzimu, koma njala ija inalipobe. Ndi bwino kuti inalipo. Mtsogoleri asamauze anthu kuti kuonera ndi chimodzimodzi ndi kukhalapo, chifukwa tsiku lotsegula adzamukumbutsa mawu akewo.

Zoom

Pa misonkhano ya komiti ya parishi kapena ya akulu ampingo, Zoom ndi yabwino: mumaonana, mumafunsana, mumamanga mfundo. Yaulere imalola anthu 100, ndipo msonkhano wa gulu umatha pakapita mphindi 40, choncho konzani zokambirana zokwana nthawi imeneyo kapena gwirizanani zolowanso. Pa mapemphero a anthu onse sindiilimbikitsa. Imadya data ngati vidiyo ina iliyonse, mafoni ambiri a anthu athu alibe malo oikapo pulogalamu ina, ndipo mawu amafika mochedwa pang'ono, moti anthu khumi akayamba Atate Athu pamodzi aliyense amamaliza nthawi yake. Kwaya yathu inayesa kamodzi, n'kusiya.

WhatsApp

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe mphakati wathu unapumira miyezi yonse ija.

Mmalawi wa ku Joni amene ali ndi foni yamakono ali pa WhatsApp, poti ndi pomwe timamvera za kumudzi. Sitinafunike kuphunzitsa munthu aliyense. Makampani a mafoni amagulitsa mabandulo a WhatsApp yokha otsika mtengo, ndipo uthenga wa mawu wa mphindi khumi ndi ma MB awiri kapena atatu basi. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti uthengawo umadikira. Misa ya pa Facebook ikayamba 9 koloko, magetsi n'kuzima 9 koloko, mwaphonya. Uthenga wa mawu mlonda amaumvera pakati pa usiku ali pageti, mayi wa ntchito ya m'nyumba amaumvera akusita, ndipo amene sanamve bwino amabwereza.

Tinkachita chonchi. Loweruka madzulo ine ndinkalemba mawerengo a Lamulungu kuchokera mu Buku Loyera, ndipo mtsikana wina wa mawu omveka bwino ankawawerenga mokweza chifukwa cha amene maso akuwavuta ndi amene sukulu sanapite nayo patali. Lamulungu m'mawa akatekisiti ankatumiza mawu olimbikitsa, osapitirira mphindi khumi. Bambo mfumu ankatumiza madalitso m'Chingerezi, wina n'kumasulira. Kenaka mapemphero a akhristu: aliyense wofuna ankatumiza lake, ndi mawu ake. Apa ndi pomwe ndinazindikira kusiyana kwa njira iyi ndi zinazo. Pa vidiyo anthu amaonera bambo mfumu akupemphera. Pano ankapemphera ndi iwo eni. Bambo wina wa ku Dedza, amene zaka zonse m'tchalitchi sindinamvepo akutsegula pakamwa, anatumiza pemphero la mphindi ziwiri lopempherera akazi awo oyembekezera kumudzi, mawu akunjenjemera, kumbuyo kukumveka poto akuwira. Gulu lonse linayankha, ndipo mwana atabadwa tinamva tonse tsiku lomwelo.

Kolona tinkaigawana. Wina ankayamba Tikuoneni Maria khumi oyamba ali ku Rosettenville, wina n'kulandira ali ku Tembisa, wina ku Cosmo City, mpaka kumaliza. Sizinali zosalala, pena pankadutsa theka la ola wotsatira asanatumize, koma unkadziwa kuti pali munthu amene akudikira iweyo.

Zovuta zake zilipo, ndipo zikapanda kugwiridwa msanga zimapha gulu. Choyamba ndi phokoso: zithunzi za "mwadzuka bwanji" makumi atatu, mavidiyo a alaliki osadziwika, ndipo uthenga wa maliro n'kukwiririka pansi pa zonsezo. Chachiwiri ndi mabodza. Tinalandira za mandimu ndi jinja zoti zimapha kachilomboka, za 5G, kenaka za katemera ndi 666. Otumizawo sanali anthu oipa, anali ndi mantha ndipo ankafuna kupulumutsa anzawo. Koma boma linali litakhazikitsa lamulo mu Malichi 2020 loti kufalitsa dala bodza la Covid-19 ndi mlandu, ndipo choopsa kuposa mlanduwo n'chakuti munthu akamva chinthu pa gulu la mpingo amachitenga ngati chadalitsidwa. Tinathetsa izi potsegula magulu awiri. Loyamba amalembapo atsogoleri okha: mawerengo, zilengezo, maliro. Lachiwiri ndi la aliyense, koma lili ndi lamulo limodzi, loti usatumize chimene sunalembe kapena kuyankhula wekha. Wophwanya tinkamuimbira payekha, osamudzudzula pagulu. Munthu wamkulu ukamuchititsa manyazi pamaso pa anthu amangotuluka, ndipo wamutaya.

Nthawi imeneyo gulu limodzi linkalola anthu 256, pano limalola opitirira 1,000. Musakopeke nazo. Gulu lalikulu amayankhulamo anthu asanu, ena onse ali duu. La mphakati kapena mlaga, la anthu makumi awiri kapena atatu odziwana nkhope, ndi lomwe limakhala ndi moyo. La parishi yonse likhale la zilengezo zokha. Atsogoleri tinkakumana poimbirana pagulu pomwepo, makamaka chiwerengero cha oimbirana chitakwera kuchoka pa anayi kufika pa asanu ndi atatu mu Epulo 2020.

Pali kanthu kena kamene ndinaphunzira mochedwa. Mukatumiza uthenga pagulu mukhoza kuona amene wawafika ndi amene sunawafike. Lolemba lililonse ndinayamba kuyang'ana mayina a amene sunawafike. Mnyamata wina wa ku Nkhotakota, woperekera zakudya mu lesitilanti imene inatsekedwa, anakhala sabata yathunthu uthenga osamufika. Titafunsa kwa mnzake wogona naye, tinamva kuti anagulitsa foni kuti alipire lendi, ndipo masiku awiri anali akumwa tiyi yekha. Pa Facebook sitikanadziwa kuti wasowa.

Komabe mayi a ku Thyolo aja foni yawo inali ya mabatani. WhatsApp nayo inkathera pakhoma langa.

Wailesi

Wailesi sifuna data, ndipo ya mabatire imalira ngakhale magetsi atazima. Nthawi imeneyo ku Johannesburg kunkamveka Radio Veritas ya Akatolika pa 576 AM, ndi Radio Pulpit pa 657 AM. Dziwani kuti wailesi ya m'foni imagwira FM yokha, choncho pamafunika kawailesi kenikeni. Kwa achikulire omva Chingerezi ndi mnzawo wabwino wa tsiku lonse. Koma Chichewa mulibe, ndipo wailesi sidziwa dzina lanu. Mukadwala imangopitiriza kuyankhula.

Kuimbirana, ndi kabuku ka mphakati

Iyi ndi njira yosaoneka. Palibe amene angaijambule n'kuionetsa pa tsamba la parishi, koma ndi yokhayo imene inafika kwa aliyense.

Amalawi tinabwera nacho chuma chimenechi m'chikwama osadziwa. Mu 1973 maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a Chikatolika a maiko a kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo Malawi, anagwirizana kuti moyo wa mpingo uzimangidwa pa timagulu ta akhristu okhala moyandikana, ndipo Episkopi Patrick Kalilombe ku Lilongwe anali mmodzi mwa amene anailimbikira kwambiri nkhaniyi. Ndi momwe tinapezera miphakati, imene ena amati malimana. A CCAP ali ndi milaga yawo, ndipo mkulu wampingo amadziwa khomo lililonse la m'dera lake. Tinakula tikuona zimenezi ngati zachizolowezi. M'bindikiro utafika ndi pomwe tinaona kuti parishi zimene zinkangodziwa anthu ake pa benchi la Lamulungu zinalibe poyambira, pomwe ife tinali ndi mayina.

Tinagawana mayinawo, mtsogoleri aliyense makomo asanu ndi atatu kapena khumi, kuimba kamodzi pa sabata. Mayunitsi ankachokera m'thumba la mphakati, ndipo aliyense anauzidwa kuti akatumiza "Please Call Me" tidzamuimbira tsiku lomwelo. Mphindi zitatu zimakwana. Koma funso loyamba lisakhale lakuti mwapemphera. Tsiku lina ndinaimbira agogo ena a ku Ntcheu okhala ku Alexandra, amene anabwera kuno kalekale.

"Agogo, mwaswera bwanji? Ndine mlembi wa kumphakati."

"Ndaswera, mwanawe. Mulungu ngwabwino."

"Nanga lero mwadya chiyani, agogo?"

Kunali zii. Kenaka anati, "Aaa, tikuyesayesa." Mmalawi akati tikuyesayesa, dziwani kuti m'nyumbamo mulibe kanthu. Akanakhala kuti ndinawafunsa za pemphero, akanandiyankha bwinobwino, tikanatsanzikana mwaulemu, ine n'kulemba m'kabuku kuti agogo ali bwino.

Njala inali yeniyeni, ndipo kwa alendo inali yowirikiza. Thandizo la boma la R350 pamwezi linali la nzika, okhazikika mwalamulo ndi othawa kwawo ovomerezeka. Khoti linadzalamula mu Juni 2020 kuti lifikenso kwa opempha chitetezo ndi ena a ziphaso zapadera, koma Amalawi ambiri sali m'magulu amenewo. Ndalama za TERS, zothandizira antchito amene ntchito yawo inaima, zinkadutsa kwa olemba ntchito amene analembetsa antchito awo ku UIF, thumba la boma lothandiza otha ntchito, ndipo wa ganyu ya m'gadeni masiku awiri pa sabata, ndani anamulembetsa? N'chifukwa chake mu Meyi mabasi anayamba kunyamula anthu kubwerera kudzera ku Mwanza, ena n'kukasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Amene tinatsala tinayenera kudyetsana tokha.

Choncho chopereka tinachigawa pawiri: cha parishi, poti magetsi, madzi ndi ogwira ntchito pa tchalitchi sizinaime, ndi cha njala. Amene ntchito yawo inali ikuyendabe, alonda, a m'masitolo a zakudya, a ntchito za m'nyumba ogonera konko, ankatumiza kudzera ku banki kapena eWallet. Ndalama zisamalowe m'foni ya munthu mmodzi popanda wachiwiri woona. Loweruka lililonse tinkalemba pagulu kuti kwalowa zakuti, tagula zakuti, kwatsala zakuti, koma osatchula amene walandira. Kugula chakudya kunali kololedwa, ndiye wopita kusitolo ankagula ufa, mafuta, soya, sopo, n'kusiya pageti la mnzake pobwerera, kugogoda, n'kuima patali. Ena anganene kuti zimenezi si kupembedza. Ine ndinaona anthu amene sanaonerepo Misa ya pa intaneti ngakhale kamodzi akubwerera ku tchalitchi tsiku lotsegula chifukwa cha thumba la ufa limene linafika pageti lawo mu Meyi.

Kuipa kwa njira iyi n'kwakuti imatopetsa. Woimba amasenza misozi ya makomo khumi, iyenso ali ndi lendi yake yosalipira. Muzisinthana, ndipo wina aziimbiranso oimbawo.

Maliro

Maliro n'kulirana, koma lamulo linkalola anthu 50 okha ndipo kuchezera pa siwa kunaletsedwa. Panali chifukwa chake, poti m'madera ena matendawa anafalikira kwambiri pa maliro. Kwa ife chowawa chinanso chinali chakuti malire atatsekedwa, kutumiza thupi kumudzi kunali kovuta ndiponso kodula kuposa kale. Mayi wina wa mumphakati mwathu tinawaika konkuno. Apa vidiyo inagwira ntchito imene njira ina iliyonse sikanagwira: mng'ono wawo anagwira foni m'mphepete mwa manda, abale ali pansi pa mtengo wa mango ku Mulanje akuona bokosi likutsika. Tinawatumiziratu ndalama ya bandulo dzulo lake. Usiku woti tikanachezera, amayi anatumizirana nyimbo za maliro pa WhatsApp, wina akamaliza wina n'kuyamba, mpaka tambala woyamba. Ngati thumba la mphakati lingakwanitse vidiyo kamodzi kokha pamwezi, isungireni tsiku ngati limeneli.

Kupemphera m'nyumba

Ansembe ndi abusa ankalimbikitsa kuti banja lililonse likhale tchalitchi chaching'ono: kansalu koyera patebulo, kandulo, Baibulo, kuwerenga ndi kupemphera limodzi. Sizilira ndalama, ndipo kwa amene ali ndi ana kuno zinabala zipatso, ana anaphunzira mapemphero m'Chichewa amene ankangowadziwa m'Chingerezi. Koma malangizowo ankaganizira nyumba ya bambo, mayi ndi ana. Ambiri athu "banja" la kuno ndi amuna anayi m'chipinda chimodzi ku Yeoville, wina Mkatolika, wina wa CCAP, wina wa Pentekosite, wina Msilamu wa ku Mangochi. Ramadan ya chaka chimenecho inayamba kumapeto kwa Epulo, m'bindikiro uli mkati. Achimwene ena anandiuza kuti m'chipinda mwawo anagwirizana zopatsana nthawi: mnzawo akayala mkeka enawo ankakhala chete, Lamulungu m'mawa iye ankakakhala pakhonde. Mtsogoleri potumiza dongosolo la mapemphero a m'nyumba alikonze loti munthu mmodzi angalitsate yekha atakhala pabedi, lalifupi, losafuna woimbitsa nyimbo.

Pali ena amene ankakumana mobisa m'magalaja ndi m'zipinda, anthu khumi ndi asanu mawindo otseka kuti nyimbo isamveke panja. Ndimamvetsa chimene chinkawakoka, chifukwa inenso ndinkachifuna. Koma sindingaiike pa mndandanda wa njira zoyenera kusankha. Msonkhano umodzi wa mapemphero ku Bloemfontein mu Malichi 2020 unafalitsa matendawa kwa anthu ambiri, ndipo chipinda chotseka mawindo anthu akuimba ndi malo amene kachilomboka kamayenda bwino kwambiri. Kwa wopanda mapepala, kugwidwa pa msonkhano woletsedwa kukanathera kwina koipa. Mtsogoleri amene waitana anthu otere amakhala wawaika pa ngozi ziwiri.

Atatsegula: anthu 50

Ambiri tinkaganiza kuti pa 1 Juni mavuto atha. Ayi. Matchalitchi ambiri sanathamangire kutsegula, ndipo amene anatsegula anakumana ndi funso lowawa: pa anthu mazanamazana, 50 akhale ati? Masiki, sanitaiza pakhomo, kukhala motalikirana mita imodzi ndi theka, kulemba mayina a olowa, kwaya osaimba pamodzi, achikulire kulangizidwa kukhala kunyumba, zonsezi zinatheka. Koma kulembetsa malo pa intaneti kunapatsa mwayi anthu omwe aja a Wi-Fi. Chimene chinathandiza ndi kupempha bambo mfumu kuti malo agawidwe potsata miphakati, mosinthana, mtsogoleri n'kuyambira amene sanathe kuonera chilichonse miyezi yonseyo. Misa zifupizifupi zingapo zimaposa imodzi yaitali, ndipo panja, pomwe malamulo anadzalola anthu ochulukirapo pambuyo pake, mpweya umayenda.

Kaundula wa pakhomo ankaopsa ena mwa anthu athu. Munthu amene pasipoti yake inatha masiku akaona pepala lofuna dzina ndi adiresi amabwerera pageti. Pakhomo paziima munthu wathu woyankhula Chichewa, wofotokoza kuti kaundulayo ndi woti akuimbireni ngati wina amene munakhala naye pafupi wapezeka ndi matenda.

Ndipo musaphwasule zimene munamanga. Magulu ena atangotsegula anasiya kuimbirana, anasiya mauthenga a Loweruka, ndiye pofika kumapeto kwa Disembala anayambiranso pansi, manambala atasintha, anthu atasamuka.

Ndiye titenge iti?

Wina akandifunsa lero, ndimamuuza kuti ayambe ndi kabuku ndi mayunitsi, chifukwa zimenezo zimafika paliponse. Pamwamba pake aike WhatsApp ya mauthenga a mawu m'Chichewa, m'magulu ang'onoang'ono. Vidiyo isiyireni parishi, imene ili ndi intaneti yake, ndipo inu muzingotumiza ulaliki wokha ngati uthenga wa mawu kwa amene sangaonere. Ndalama ya vidiyo isungireni maliro ndi masiku akuluakulu. Zoom ikhale ya komiti. Ngati mpingo wanu ndi wa anthu a m'maofesi okhala ku Midrand kapena Fourways, muyeso wanu usiyana ndi wanga, ndipo vidiyo ingakukwanireni. Koma ngakhale kumeneko funsani kuti amene amasesa m'tchalitchimo akupemphera bwanji.

Kabukuko musadikire kuti chitseko chitsekedwe. Lamulungu likubwerali kayendetseni pa benchi. Aliyense alembe dzina, dera limene akukhala, boma ndi mudzi wa kwawo, nambala ya m'bale wa kumudzi, ndiponso nambala yachiwiri ya konkuno, ya mnansi kapena wogona naye, poti foni imagulitsidwa, imabedwa, imathyoka. Lembani pa pepala, osati m'foni mokha, ndipo pakhale makope awiri kwa anthu awiri. Miyezi itatu iliyonse muziunikanso, chifukwa ku Joni munthu amasamuka usiku umodzi.

Mayi a ku Thyolo aja, kuyambira Lamulungu lotsatira Pasaka, ndinkaika foni yanga pawindo, n'kukweza mawu mpaka pamapeto. Iwo ankatulutsa kampando n'kukhala pakhomo pawo, atavala chitenje cha Amayi Achikatolika, ine pakhomo panga, pakati pathu pali chingwe choyanikira zovala. Mawerengo akatha ankati, "Achimwene, tabwerezani wachiwiri uja, sindinamve bwino," ine n'kubwereza. Pemphero lawo ankalinena ali pomwepo, ine n'kutambasula mkono ndi foni kuti lijambulike, n'kulitumiza pagulu. M'kabuku ka mphakati dzina lawo lili pa tsamba loyamba, ndipo pa nambala yachiwiri panalembedwa yanga.